Mwana wanga akutha ndi m'mimba, akuti akamuunike matumbo

Make Tadala, Mufakose: Moni nonse abale anga a ku Malawi muno mu Harare. Pepani ndalowa ndi nkhani yosakhudza maliro kapena zopereka, koma ndasowa mtengo wogwira. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 24, wavutika ndi m'mimba zaka ziwiri tsopano. Amatsegula kasanu, kasanu ndi kawiri pa tsiku, usiku kudzuka kawiri katatu, ndipo chimbudzi chake chimatuluka ndi magazi ndi zonanda ngati mamina. Kukiliniki anati ndi kamwazi, anamupatsa metronidazole. Anapezako bwino milungu iwiri, zinayambiranso. Tabwerera kanayi, mankhwala omwewo. Siketi zimene ankavala chaka chatha pano akuchita kumangira ndi pini. Lachiwiri lapitali dokotala wa kuchipatala chachikulu wanena kuti akufuna kumuunika matumbo ndi kachingwe ka kamera kolowetsa kumbuyo, akuti colonoscopy. Mwanayo wakanitsitsa, akuti bola kufa. Bambo ake akuti timukweze basi tipite naye kumudzi ku Dedza akamuone akuluakulu. Alipo pano anaunikidwapo chonchi? Zimapweteka? Ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Mlembi: Nkhani ya matenda ndi yathu ndithu amayi, lembani momasuka. Bola tithandizane munthu ali moyo kusiyana ndi kudzasonkha za bokosi.

Agogo Nachisale, Highfield: Mwana wanga Make Tadala, pepa. Koma zaka ziwiri magazi osasiya, mankhwala a chizungu osagwira, iwe sukuona kuti pali dzanja la munthu pamenepa? Mwana wamkazi wa msinkhu umenewo, wophunzira, anthu samakondwa. Ine ndili mbali ya bambo akewo. Mupite naye kumudzi.

Bambo Mbewe, Mabvuku: Agogo, ndi ulemu wonse, ndiloleni ndilankhule poti nsapato imeneyi ndavala ine. Amayi a Tadala, zimene mwalembazo ndikuziwerenga ngati ndikuwerenga za ine ndemwe. Ndinayamba choncho ndili ndi zaka 31. Ndinamwa metronidazole mpaka m'kamwa kumangomveka ngati ndanyambita chitsulo. Ndinapita kwa asing'anga atatu, mmodzi konkuno, awiri ku Ntcheu. Ndinatemedwa mphini pamimba, zipsera zilipo mpaka lero, ndinasiyako mbuzi ziwiri. Nditabwera ndinakomoka pa ntchito ndili ndi fulemu ya chitseko m'manja, magazi atatheratu m'thupi. Atandiunika ndi kachingwe mukunenako ndi pamene matenda anga anapeza dzina, ulcerative colitis, kutupa ndi zilonda za m'thumbo lalikulu. Ndaunikidwa kanayi. Amakubaya jakisoni pamkono woti ufooke, umagona chammbali atakufunditsa nsalu, pakatha mphindi ngati makumi atatu zatha. Kawiri sindinamve kalikonse. Kawiri ndinamva kutupa m'mimba ngati ndadya nyemba zambiri, chifukwa amapopera mpweya kuti aone bwino. Chovuta si kachingweko ayi, chovuta ndi dzulo lake.

Make Tadala, Mufakose: Dzulo lake kumachitika chiyani bambo?

Bambo Mbewe, Mabvuku: Amakupatsa mankhwala otsuka m'mimba, osungunula m'madzi ambiri, ndipo umamwa mpaka zotuluka zikhale ngati madzi okhaokha achikasu. Kukoma kwake musafunse. Ndiye poti muno mu Harare madzi a pampopi amabwera pamene afunira, tungiranitu. Ine ulendo woyamba sindinadziwe, ndinamwa mankhwala aja madzi atapita, nyumba ya lendi, chimbudzi chimodzi mabanja anayi. Mkazi wanga anayenda kumjigo usiku katatu ndi ndowa pamutu. Dzazani migolo yonse masiku awiri zisanachitike, ndipo muwauze anzanu a panyumba kuti usiku umenewo chimbudzi ndi cha mwanayo.

Sisita Nangozo, Glen Norah: Bambo Mbewe anena zoona. Ndiwonjezere monga munthu amene ndagwira unamwino zaka zambiri ndisanapume. Masiku awiri kapena atatu asanakaunikidwe asiye mgaiwa, nyemba, masamba, mtedza, zipatso za njere monga magwafa ndi matimati. Adye nsima ya ufa woyera, mpunga woyera, dzira, nkhuku yopanda khungu. Tsiku lomaliza ndi zamadzimadzi zoonekera pansi basi, tiyi wopanda mkaka, msuzi wosefa, madzi. Zakumwa zofiira ayi, zimasokoneza dokotala, amaziona ngati magazi. Ngati akumwa mapiritsi owonjezera magazi aja a ayironi, muwauze adokotala, nthawi zambiri amati asiye pafupifupi mlungu umodzi chifukwa amadetsa matumbo. Koma pepala limene akupatseni kuchipatala ndilo mutsatire kuposa ine. Ndipo asapite yekha, akadzuka amakhala ngati waledzera, sangakwere kombi yekha.

Chinanso amayi. Matumbo akapanda kuyera bwino dokotala saona kanthu, amakubwezani, ndalama zapita, tsiku lina mudikirenso. Ndiye amwe onse mankhwalawo ngakhale akunyansa. Aziika mufiriji ngati magetsi alipo, ozizira amamweka.

Agogo Nachisale, Highfield: Ine zolowetsana zinthu kumbuyozi, kwa mtsikana woti sanakwatiwe, mtima wanga sukuvomera. Makolo athu ankachiza kamwazi ndi makungwa, osavula munthu.

Sisita Nangozo, Glen Norah: Agogo, kamwazi weniweni amathadi ndi mankhwala ake, chifukwa ndi kachilombo kolowa ndi madzi kapena chakudya. Koma kamwazi sakhala zaka ziwiri akumwa mankhwala ake kanayi. Matenda amene adokotala akuwaganizirawa ndi ena. Chitetezo cha m'thupi mwa munthu chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi matumbo ake omwe. Sapatsirana, sabwera chifukwa cha uve, ndipo amakonda kuyamba pa msinkhu womwewu wa Tadala. Za ulemu wa mtsikana musade nkhawa, amavala chovala cha chipatala, m'chipindamo mumakhala namwino, ndipo mayi ake akhoza kupempha kuti namwinoyo akhale wamkazi.

Mphatso, Dzivarasekwa: Amayi a Tadala, ine ndine mtsikana wa zaka 27, sindinalembepo pagulu pano, ndimangowerenga. Muuzeni Tadala kuti nanenso ndinanena mawu omwewo, bola kufa. Ine anga ndi Crohn. Amasiyana ndi a bambo Mbewe chifukwa awo amakhala m'thumbo lalikulu mokha, kuyambira kumunsi kukwera, pamene anga akhoza kugwira paliponse kuchokera m'kamwa mpaka kumunsi, modumphadumpha. Ine anandigwira kumanja m'munsi mwa mchombo, pamene thumbo laling'ono limalumikizana ndi lalikulu.

Nkhani yanga inatenga njira yaitali. Atandiunika anati pamenepo pakhoza kukhala TB ya m'matumbo, chifukwa TB imakonda malo omwewo ndipo pa kamera zimafanana kwambiri. Anandiyambitsa mankhwala a TB. Ndinamwa miyezi isanu ndi umodzi, mkodzo wofiirira, kukiliniki mwezi ndi mwezi, kunyumba atandipatulira kapu ndi mbale yangayanga. Osasintha. Ndinakwiya kwambiri, ndinkati andimwetsa mankhwala olakwika. Dokotala wina ndiye anadzandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti kuno kwathu TB ndi yochuluka kuposa Crohn, ndipo mankhwala a Crohn amatsitsa chitetezo, ndiye ukawapatsa munthu amene ali ndi TB ukhoza kumupha. Bola kuyamba ndi a TB n'kuona. Mkwiyo unatsika, ngakhale miyezi ija sindinaibwezeredwe.

Chimene chimandiwawa mpaka pano si m'mimba ayi. Ndi pakamwa pa anthu. Nditaonda, mpingo wonse unandiyeza ndi maso. Ena mpaka kuwauza mayi anga kuti mwanayu angovomera ayambe ma ARV. Ndinayezetsa katatu, katatu konse ndilibe. Ndipo ngakhale ndikanakhala nako, chinali chawo n'chiyani?

Make Tadala, Mufakose: Mwana wanga Mphatso, wandiliza. Zomwezo zikumuchitikira Tadala. Mnyamata amene ankafuna kudzatula nkhani kwa malume ake wangoti zii kuyambira Isitala. Kuntchito ku saluni anamuuza kuti makasitomala akudandaula kuti amawasiya mutu uli pakati kuthamangira kuchimbudzi.

Mphatso, Dzivarasekwa: Ndikuzidziwa amayi. Ine m'tauni ndimadziwa chimbudzi chilichonse cholipira kuyambira pa Copacabana mpaka ku Fourth Street, chaukhondo ndi chiti, chotseka msanga ndi chiti. M'chikwama mwanga simusowa tishu, kabudula wamkati wapadera, kasopo ndi ndalama zasiliva kapena dola yapadera ya pakhomo la chimbudzi. Mu kombi ndimakhala pafupi ndi chitseko ngakhale kondakitala alalate. Tsiku lina ndinatsika pakati pa njira nditalipira kale, ndinagogoda pageti la munthu wosamudziwa. Mayi wake anangondiyang'ana nkhope, osafunsa kanthu, n'kundilozera kuseri. Potuluka ndinapeza andiikira madzi m'beseni ndi kapu ya tiyi. Sindinawaonenso mayi amene uja.

Achimwene Joe, Budiriro: Abale musavutike ndi zipatala. Ndili ndi mankhwala achilengedwe ochokera kunja, a aloe, amatsuka matumbo onse ndi kuchotsa poizoni. Zilonda, shuga, BP, zonse. Botolo limodzi mwezi umodzi. Amayi a Tadala ndipezeni kumbali tikambirane mtengo, wapagulu ndimamuchotsera.

Sisita Nangozo, Glen Norah: Achimwene, munthu akutsegula m'mimba kasanu ndi kawiri pa tsiku ndi magazi, inu mukufuna mumupatse chotsuka m'mimba? Aloe womwa amatsegulitsa m'mimba. Chonde.

Mlembi: Achimwene Joe, malonda Loweruka, lamulo mukulidziwa. Ndachotsa chithunzi cha botolocho.

Achimwene Joe, Budiriro: Ndimangothandiza ine. Koma adokotala anuwo akudyerani ndalama mudzandifuna.

Che Mdala wa pa Mbare: Salaam abale. Ine anga ndi ena koma ndiponyeko mawu chifukwa anthu timasokoneza. Tikangomva m'mimba timati zilonda, zilonda. Ine ndinali ndi zilonda za m'chifu zenizeni, kutentha pa chifuwa apa, kudzuka 2 koloko usiku ngati wina wayatsa mbaula m'kati. Zaka zisanu ndi zitatu ndikumwa mkaka ndi soda, ndikugula omeprazole pa Mbare Musika kwa anyamata oyala pansi aja. Anthu ankati ndimaganiza kwambiri, ena ankati ndi tsabola. Tsiku lina chimbudzi chinatuluka chakuda bii ngati phula, chonunkha modabwitsa. Mwana wanga ndiye anandikokera kuchipatala, anati amenewo ndi magazi. Anandiunika kudzera kukamwa, n'kupeza kachilombo kotchedwa H. pylori. Mankhwala milungu iwiri, mitundu itatu pamodzi, omeprazole ndi maantibayotiki awiri. Zaka zisanu ndi zitatu zinathera pa milungu iwiri! Mwana wangayo anandiwerengera kuti madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, ndi amene anatulukira zimenezi, anzawo osawakhulupirira, mpaka Marshall anachita kumwa tizilomboto dala mu 1984 kuti adwale aonetse. Anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2005. Ndinaseka, ndinati ameneyo akanakhala wa kwathu tikanati wazungulira mutu.

Ndiye mayi, musaope kamera. Ine ndinaiopa zaka zisanu ndi zitatu.

Sisita Nangozo, Glen Norah: Che Mdala mwakumbutsa chinthu chachikulu. Chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza magazi kapena zooneka ngati khofi, m'mimba kuuma gwa ndi kutentha thupi, chizungulire poimirira, zimenezo si zodikira tsiku la kiliniki, ndi za ku kajuwoti, kolandirira odwala mwadzidzidzi, nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Ndipo nonse a m'mimba, kaya zilonda za m'chifu kaya za m'matumbo, tayani ibuprofen, diclofenac ndi aspirin wongodzigulira. Amakanda m'mimba ndipo amadzutsa matenda ogona. Mutu ukawawa, paracetamol. Amene aspirin anakulemberani ndi dokotala chifukwa cha mtima, kambiranani naye kaye, musangosiya.

Nabanda, Epworth: Ine funso langa ndi la ndalama, tisanamizane. Kuunikako ndi zingati? Chifukwa ife ena ngakhale ya khadi pakhomo imativuta.

Bambo Mbewe, Mabvuku: Mitengo imasintha achemwali, makamaka chibwerere ndalama ya ZiG mu 2024, wina akuuza za ZiG wina za madola, ndiye ndikatchula nambala ndikunamizani. Chimene ndingakuuzeni ndi njira. Mukayamba kukiliniki ya khonsolo, apempheni kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, kaya Parirenyatwa, kaya Sally Mugabe imene akuluakulu timaitchabe kuti pa Gomo, kaya Chitungwiza Central kwa a mbali imeneyo. Ndi kalata zimayendako. Kwa dokotala wapadera ku Avenues n'kwachangu koma thumba lake likhale lolemera. Ndipo mufunsiretu zinthu zitatu padera: ya kuunika, ya mankhwala otsukira m'mimba, ndi ya kukayeza tinyama timene amatapa m'matumbo. Yachitatuyi ndi imene anthu amaiwala. Ine ulendo wina ndinalipira zonse ndikuyesa ndamaliza, potuluka akundipatsa kabotolo m'manja, akuti kapititseni nokha ku labu, ndalama zinanso. Ndinayenda nako kabotolo kaja m'thumba la jekete masiku atatu ndikusaka ndalama.

Chipatala china, sinditchula, anandilembera tsiku, ndinamwa mankhwala otsuka aja usiku wonse, m'mawa ndafika ndili lende, akuti makina awonongeka bwerani mwezi wamawa. Ndinakhala pa benchi ndikulira ngati mwana, bambo wa ndevu zanga. Kuyambira pamenepo ndimaimba kapena kupitako dzulo lake m'mawa ndisanayambe kumwa, kufunsa ngati makina ali bwino ndiponso ngati dokotala alipo.

Nabanda, Epworth: Nanga a medical aid, inshuwalansi ya kuchipatala ija, zimawayendera?

Mphatso, Dzivarasekwa: Ine ndili nayo ya kuntchito, koma pafupifupi paliponse pamakhala ndalama yowonjezera yoti ulipire wekha. Ndipo matenda ukalowa nawo kale amakudikiritsa asanayambe kulipira. Imathandiza koma si kuti wapulumuka.

Amayi a Tadala, chinthu chimodzi chimene ndikanakonda wina akanandiuza poyamba: gulani kope lachikuto cholimba. Chilichonse alembemo. Tsiku, wapita kangati kuchimbudzi, magazi analipo kapena ayi, wadya chiyani, mankhwala ati, mlingo wanji. Mapepala onse a zotsatira muwajambule pafoni ndi kuwafotokopa. Kuchipatala chaboma lero upeza dokotala uyu, mwezi wamawa wina, ndipo fayilo yanga inasowapo kawiri. Mu 2019 madokotala atanyanyala ntchito miyezi ingapo ija, ndinapita kwa dokotala wapadera ndi kope langalo basi, anawerenga mphindi zisanu n'kudziwa pamene tili. Popanda kope tikanayambiranso kuyeza kamwazi.

Make Tadala, Mufakose: Kope ndigula mawa. Nanga akapezeka nawo matendawa, amachira?

Bambo Mbewe, Mabvuku: Munati tisakunyengerereni. Satha, koma amagona. Ukhoza kukhala chaka, zaka ziwiri, uli bwinobwino ukudya nsima ndi anzako, kenako n'kudzuka. Mankhwala ake ndi a tsiku ndi tsiku ngati a BP. Ine ndinayamba ndi sulfasalazine, amene amasandutsa mkodzo kukhala wa olenji, musadzadabwe. Palinso mesalazine, wofatsa m'thupi koma wodula, ndipo amasowasowa m'mafamase. Matenda akadzuka amakupatsa prednisolone. Ameneyo ndi mnzako woipa. Masiku atatu okha umamva ngati wachiritsidwa, njala ngati ya chaka cha chilala, nkhope kufufuma ngati mwezi, anthu n'kumati mwanenepa bambo, zikuyenda. Koma ukamumwa nthawi yaitali amafewetsa mafupa, amakweza shuga, tulo osabwera. Ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi, amatsitsidwa pang'onopang'ono monga wanenera dokotala.

Kulakwa kwanga kunali kumeneko. Nditapeza bwino ndinasiya sulfasalazine, ndinati ndachira, ndalama zake ndigulire ana mayunifolomu. Miyezi isanu matenda anabwera ngati akubweza ngongole. Ndinagonekedwa milungu itatu, diripi, magazi mabotolo anayi, mankhwala osagwiranso. Mapeto ake anachotsa thumbo lalikulu lonse. Pano ndili ndi kathumba pamimba, kumanja. Sindinanenepo pagulu pano, ena mwadya nane pa maliro osadziwa.

Agogo Nachisale, Highfield: Mbewe mwana wanga, iwe amene unakhoma bokosi la malemu amuna anga uja? Kathumba kotani?

Bambo Mbewe, Mabvuku: Ine ndemwe agogo. Anatulutsa nsonga ya thumbo laling'ono pakhungu, yofiira ngati m'kati mwa tsaya, siwawa ukaikhudza. Pamenepo ndimamatapo kathumba, zonse zimagwera mmenemo, ndimakhuthula kangapo pa tsiku, kusintha pakapita masiku atatu kapena anayi. Ndimadula bowo ndi kasizasi molingana ndi kukula kwa nsongayo, likakula kwambiri khungu limapsa ndi zotulukazo, likachepa limafinya. Mwezi woyamba sindinkafuna kudziyang'ana, ankasintha ndi mkazi wanga ine nditatembenukira kukhoma. Lero ndimapala matabwa tsiku lonse, kutchalitchi ndimakhala mpaka mdalitso, zimene ndinalephera zaka zisanu ndi ziwiri. Kungoti ndimayenera kumwa madzi ambiri ndi kuthira mchere, chifukwa thumbo lalikulu ndi limene limabweza madzi m'thupi, ndiye mwezi wa Okutobala kukatentha ndimafooka msanga.

Vuto ndi matumbawo. Akasowa ndi nkhondo. Nthawi ina ndinatha mlungu ndikumata pepala la pulasitiki la buledi ndi pulasitala, khungu linasupuka lonse. Pano mphwanga woyendetsa thiraki amandigulira ku Johannesburg, ndimasunga a miyezi iwiri kutsogolo. Koma amayi a Tadala musaope, ambiri safika pa opaleshoni. Ine ndinafikapo chifukwa chochedwa ndi kusiya mankhwala.

Agogo Nachisale, Highfield: Ha. Ndakhala chete ine. Koma kupemphera ndi kukaonana ndi akumudzi sikuletsa chipatala, zonse ziyende.

Sisita Nangozo, Glen Norah: Pemphero liyende agogo, ine ndemwe ndi wa chigwirizano. Chimene ndimakana ndi zakumwa zosadziwika mlingo ndi zotsekula m'mimba, komanso aneneri ouza munthu kuti taya mapiritsi. Ndipo ulendo wa ku Dedza pa basi, kudutsa Nyamapanda, Tete, mpaka malire, tsiku lathunthu ndi mizere ya pachipata, mwana wotsegula m'mimba kasanu ndi kawiri, wochepa magazi, mukamufikitsa ali bwanji? Ayambe waunikidwa. Kumudzi adzapita ndi dzina la matenda ndi mankhwala m'chikwama.

Nabanda, Epworth: Nanga zakudya? Mlamu wanga anauzidwa kuti asiye nsima, pano akungomwa phala, waonda ngati bango.

Mphatso, Dzivarasekwa: Anamuuza ndani? Aliyense amene wakuona amakuletsa chakudya chimodzi, ukawamvera onse utsala ndi madzi. Chakudya sichiyambitsa matendawa, kungoti china chimavutitsa pamene matumbo atupa. Ine akadzuka ndimadya nsima yofewa ya ufa woyera, therere, mbatata yophika yosenda, nthochi yakupsa, dzira, nsomba yowiritsa, pang'onopang'ono kasanu pa tsiku. Chimanga chokazinga, maputi, mtedza wokazinga ndi kabichi wosapsa ndimazithawa chifukwa thumbo langa linachepa pamalo pena, zikhoza kutsekereza. Akagona ndimadya nkhwani wotendera ngati wina aliyense. Mkaka umandivuta ine, koma mnzanga wa kukiliniki amamwa bwinobwino. N'chifukwa chake ndimati kope.

Sisita Nangozo, Glen Norah: Ndipo akatsegula kwambiri, madzi a mchere ndi shuga: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni a tiyi asanu ndi imodzi a shuga osasefukira, theka la supuni ya tiyi ya mchere. Kapena mapaketi a kufamase, aja kumudzi timati Thanzi. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira mankhwala nthawi zonse, ngakhale a pamjigo. Tonse tikukumbukira kolera wa 2008, ndi wa 2018 amene anavuta ku Glen View ndi ku Budiriro. Munthu amene akumwa prednisolone kapena azathioprine, mankhwala enanso a matendawa, chitetezo chake n'chotsika, zimene mnzake angapirire iye zimamugwetsa. Wa azathioprine asamajombe kokayezetsa magazi, amafuna kuona chiwindi ndi maselo oyera.

Che Mdala wa pa Mbare: Kwa Asilamu anzanga amene muli pano, poti ambiri timachita manyazi kufunsa: wodwala saumirizidwa kusala pa Ramadan, amadzabweza akachira, ndipo wa matenda osatha amadyetsa osauka m'malo mwake. Ine chaka chimene ndinatuluka magazi chija ndinaumirira kusala, a shehe ndi amene anandikalipira.

Make Tadala, Mufakose: Abale, ndamuwerengera Tadala zonse kuyambira pamwamba. Pa za bambo Mbewe analira. Wavomera. Bambo ake akadali ndi mawu koma ati ayambe waunikidwa, za ku Dedza tidzaona pa Khirisimasi. Tsiku atipatsa Lachinayi la mlungu wa mawa. Ndalama zatsala pang'ono kukwana, malume ake atumiza pa EcoCash.

Mlembi: Komiti yagwirizana kuti thumba la odwala lithandizepo pa ya labu ija anatchula bambo Mbewe. Amayi mundipeze kumbali. Amene simunapereke za mwezi uno, mwaona ntchito yake.

Bambo Mbewe, Mabvuku: Lachitatu m'mawa muimbe kaye kufunsa za makina asanayambe kumwa. Ndipo migolo.

Make Tadala, Mufakose: Moni abale, tabwerako. Usiku wa Lachitatu unali wautali, kapu yachisanu anasanza, ndinaimbira Sisita Nangozo 11 koloko usiku, anati apume theka la ola ayambirenso pang'onopang'ono, zinatheka. Madzi anapitadi, koma migolo inali yodzaza. Kuchipatala tinafika 6 koloko, analowa cha m'ma 10. Potuluka amandifunsa kuti amayi ayamba liti, osadziwa kuti zatha kale. Dokotala wationetsa zithunzi, m'kati mofiira ngati nyama yosupuka, kuyambira kumunsi mpaka mbali ya kumanzere, kwinako kuli bwino. Akuti zikuoneka ngati matenda a bambo Mbewe koma tidikire za tinyama tija, milungu iwiri kapena itatu. Ayezanso chimbudzi ndi magazi, magazi ndi ochepa, amulembera a ayironi. Amuyambitsa mankhwala ena akumwa, ena oika kumunsi usiku. Oika kumunsiwo tazungulira mafamase anayi m'tauni osawapeza. Amene akudziwa kumene aliko atiuze.

Mphatso, Dzivarasekwa: Nditumizireni chithunzi cha pepalalo kumbali amayi, ndifunsa kumene ndimagula ine. Akakhala kuti alibe amaitanitsa, amatenga masiku angapo. Oika kumunsiwo asawanyoze, amafika pamene pali bala penipeni. Aziika pogona atapita kale kuchimbudzi.

Agogo Nachisale, Highfield: Ndaphika thobwa, wina adzatengere mwanayo. Kapena nalonso ndi loletsedwa?

Sisita Nangozo, Glen Norah: Losasasa kwambiri agogo, la madzi owiritsa, ayambe ndi theka la kapu aone.

Tadala: Moni nonse, ndine mwini wake wa matumbo mwakhala mukukambiranawa, amayi andilowetsa pagulu. Zikomo. Achemwali a Mphatso ndakulemberani kumbali, ndikufuna mndandanda wa zimbudzi za m'tauni uja. Agogo thobwalo ndidzatenga ndekha Loweruka, bola kombi isachedwe pa renki.